ULENDO WA KU CHIGWA: KWA ANTHU OSAMALA AGALU

Mlendo wofika m'midzi ya ku Kasenengwa amalonjeredwa kawiri. Woyamba kumulonjera ndi galu, ndipo eni khomo amatuluka pambuyo pake akukalipira galuyo kuti akhale chete. Kuyambira ku Chiparamba kukafika ku Mtenguleni, kumene Angoni amasonkhana pa mwambo wa Nc'wala mwezi wa Febuluwale, nkovuta kupeza khomo lopanda chiweto chimenechi. Galu amalondera khola la mbuzi usiku, amapirikitsa apusi m'munda wa chimanga, amaperekeza anyamata ku uzimba tchire likapsa. Amanyamulanso mauthenga a mbuye wake, pakuti maina onga Akanene, Zilikwainu ndi Ndalakwanji saperekedwa kwa galu popanda chifukwa. Anansi amamva okha pamene galuyo akuitanidwa mokweza madzulo.

Komatu pa ziweto zonse za pamudzi, galu ndiye wantchito wosalipidwa. Ng'ombe ikadwala timathamangira kwa mlangizi wa ziweto, chitopa chikagwa pa nkhuku mudzi wonse umadziwa, koma galu amadya makombo nagona pa phulusa, mphere ili thupi lonse, nthiti zikuwerengeka. Galu wamkazi amatha kutenga bere kawiri pa chaka, berelo limakhala miyezi 2 yokha, ndipo si zachilendo kuti aswe ana 6 kapena kuposerapo. Tonse tikudziwa kumene tiagalu tosafunika timathera: tina m'thengo, tina mumtsinje, tina m'chimbudzi. Chomvetsa chisoni nchakuti amene timawatuma kukachita zimenezi kawirikawiri ndi ana athu, omwewo amene Lamulungu timawaphunzitsa za chifundo.

Mwezi uno tsono tikutengani pa ulendo wokaona anthu amene anasankha ntchito imene ambiri amaiseka: kufula agalu aamuna, kutseka aakazi kuti asaberekenso, ndi kuwabaya katemera wa chiwewe, osayembekeza phindu lililonse.

Njira ya ku Mfuwe

Boma la Kasenengwa linapatulidwa ku Chipata m'chaka cha 2018, koma maulendo athu ambiri amadzerabe m'tauni ya Chipata. Kumeneko ndi kumene timakwera galimoto za ku Mfuwe, ulendo wa makilomita oposa 100. Poyamba msewu umadutsa dziko lofanana ndi lakwathu, la mapiri, madimba, zigafa za fodya ndi minda ya mtedza. Kenaka umayamba kutsika, monga amatsikira madzi a Lutembwe polowera ku chigwa cha Luangwa. Mitengo imasintha, misuku imatsalira kumtunda, ndipo kumunsi timakumana ndi tsanya ndi milambe. Tikadutsa pa Jumbe, likulu la boma la Mambwe, mpweya umakhala utasintha kale, ndipo woyenda mwezi wa Okutobala amamva ngati waima pakhomo pa ng'anjo.

Kuno ndi kwa Akunda, kwa mafumu monga Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Msoro ndi Malama. Tsidya lina la mtsinje kuli nkhalango yotetezedwa ya South Luangwa, ya makilomita 9,050 m'bwalo lake lonse, imene inakhazikitsidwa monga paki m'chaka cha 1972. Palibe mpanda wolekanitsa nkhalangoyi ndi midzi. Njovu zimaoloka kudzadya mango kuseri kwa nyumba, afisi amayenda m'makwalala usiku, ndipo galu wa pamudzi amamwa pa chithaphwi chimene mmbulu wamwapo m'mawa.

Ku Mfuwe kuli bungwe losachita malonda la Conservation South Luangwa, limene linayamba m'chaka cha 2003, ndipo mmodzi wa oliyambitsa ndi mayi Rachel McRobb. Ntchito yake yaikulu ndi kuteteza nyama zakuthengo kwa opha nyama mozemba. Pogwirizana ndi bungwe lina la Zambian Carnivore Programme, linapeza dokotala wa nyama wa m'dziko lathu lomwe lino, Dr Mwamba Sichande, amene anadziwika ndi ntchito yogonetsa mikango, njovu ndi mimbulu kuti achotse mawaya a misampha amene alowa m'thupi. Chimene ambiri sadziwa nchakuti manja omwewo ochotsa waya pakhosi pa mkango akhala akuthandizanso agalu ndi amphaka a m'midzi, kuwabaya katemera, kuwafula ndi kuwatseka.

Wina angafunse kuti oteteza mikango alowa bwanji pa nkhani ya agalu. Yankho ndi lakuti matenda sadziwa malire a paki. M'chaka cha 1994 ku Serengeti, m'dziko la Tanzania, matenda a agalu otchedwa distemper anapha pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mikango ya kumeneko. Chiwewe nachonso chapululapo magulu athunthu a mimbulu m'madera angapo a Africa. Motero wofuna kuteteza mmbulu ayenera kuyambira pa galu wogona pakhonde, ndipo akateteza galuyo watetezanso mwana wosewera naye.

Tsiku limodzi pa bwalo la sukulu

Chipatala cha agalu cha m'midzi sichilira nyumba yaikulu. Pa ulendo wathu tinakhala tsiku lathunthu pa bwalo la sukulu ina ya m'chigwamo, pamene ogwira ntchitoyi anaimika galimoto pansi pa mtengo ndi kutsitsa matebulo opinda, mabokosi ndi zigubu za madzi. Dzuwa lisanakwere mzere unali utayamba kale. Ambiri oima pamzerewo anali anyamata aang'ono, wina atamanga galu wake ndi luzi, wina ndi chingwe cha mlaza, wina atasenza tiagalu m'dengu. Phokoso lake linali losaneneka, pakuti agalu a midzi yosiyana sakonda kuima pamodzi.

Woyamba kukumana naye ndi mlembi. Iyeyu amalemba dzina la galu, la mwini wake ndi la mudzi, ndipo amafunsa ngati galuyo wadya m'mawawo, chifukwa galu wokhuta sayenera kugonetsedwa, angasanze ndi kutsamwa. Mwana akabwera yekha galu amangolandira katemera, pakuti opaleshoni imafuna mawu a kholo. Kenaka pali wogwira agalu, mnyamata wa m'dera lomwelo, amene amawerenga makutu ndi mchira wa galu monga ife tiwerengera nkhope ya munthu. Iye amadziwa galu wofunika kumunyengerera ndi mawu, ndi wofunika ukonde. Anthu a ntchito yotere amalandiriratu okha katemera wa chiwewe, popeza mano a galu amakhala pafupi ndi manja awo tsiku lonse.

Wothandiza dokotala amayeza galu pa sikelo, chifukwa mankhwala ogonetsa amaperekedwa molingana ndi kulemera kwake. Galu akagona amamumeta pamimba, namutsuka ndi mankhwala, namuyala nsalu yoyera. Kwa wamwamuna ntchito ndi yaifupi, yofanana ndi kufula kumene tikukudziwa. Kwa wamkazi dokotala amatsegula pamimba, kuchotsa chiberekero ndi zopanga mazira, kumanga mitsempha ya magazi, ndi kusoka bala. Nthawi yonseyo wothandiza uja diso lake limakhala pa kupuma kwa galu ndi pa mtundu wa nkhama zake. Chapatali pang'ono mayi wina amatsuka zida ndi kuziphika mumphika wotseka wa nthunzi, ndipo popanda iyeyu luso la dokotala likanathera m'mabala otukusira. Agalu amene atha amagonekedwa pamthunzi mpaka atadzuka, ndipo tinaona anyamata atakhala pambali pawo akuwaingitsira ntchentche, nkhope zili zodera nkhawa ngati odwazika matenda m'chipatala.

Mkulu wina wa imvi anafuna kudziwa ngati galu wake adzathamangitsabe kalulu akafulidwa. Mnyamata wothandiza uja, atanjuta monga ayenera pamaso pa agogo, anayankha kuti mpeni wa adokotala sukhudza miyendo kapena mphuno, ndipo chimene chidzathe ndi maulendo a usiku ofuna akazi basi. Anthu anaseka, ndipo agogowo anapereka chingwe. Mantha amenewa ali ponseponse, ngakhale kwathu: akuti galu wofulidwa amasanduka waulesi, ndipo wobayidwa katemera amataya ukali. Kuchotsa mantha otere ndi theka la ntchito, ndipo amene amakwanitsa ndi anthu olankhula chinenero cha pamudzipo ndi odziwa ulemu wake.

Palinso ena amene sitinawaone ndi maso koma ntchito yawo inali poyera. Alipo amfumu amene analengeza tsikulo, ndi aphunzitsi amene anakumbutsa ana m'kalasi. Alipo woyendetsa galimoto amene alinso makaniko pamene msewu waipa, ndi wosunga bokosi lozizira, pakuti katemera akatenthedwa ndi dzuwa la m'chigwa mphamvu yake imachepa. Ku ofesi kuli olemba makalata opempha thandizo kwa anthu akufuna kwabwino, ndi owerengera ngwee iliyonse kuti opereka asataye chikhulupiriro. Ntchitoyi ilinso ndi masiku ake owawa, monga pamene galu wadwala kosachiritsika ndipo dokotala ayenera kumugoneka kosadzukanso, mwana mwini galuyo akulira pambali. Pamwamba pa izi pali chipongwe cha anthu onena kuti munthu wophunzira zaka zambiri pa sukulu ya Samora Machel ya madokotala a ziweto, ku Yunivesite ya Zambia, wangothera kugwira agalu.

Chiwewe

Kuti timvetse kulemera kwa ntchitoyi tiyenera kunena za chiwewe. Kachirombo kake kamakhala m'malovu a nyama yodwala, ndipo kakalowa pa bala kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kulowera ku ubongo. Pangapite masabata kapena miyezi munthu ali bwino, bala litapola, nkhani itaiwalika. Tsono zizindikiro zikaoneka, monga kuopa madzi, kubwebweta ndi kutuluka dovu, palibenso mankhwala, ndipo pafupifupi aliyense wofika pamenepa amamwalira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limayerekeza kuti anthu 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse, makamaka mu Africa ndi Asia, kuti pafupifupi onse amachitenga kwa agalu, ndi kuti 40 mwa 100 alionse ndi ana osafika zaka 15. Mwana ndi wamfupi, choncho amalumidwa kumaso kapena pakhosi, pafupi ndi ubongo, ndiponso amabisa bala poopa kukalipiridwa. Kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene anasindikizidwa m'chaka cha 2007, anaonetsa kuti ena mwa ana amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo anali atafa ndi chiwewe. Ndi maliro angati kwathu amene tinawaika pa malungo kapena pa ufiti, mwini wake ali galu wa pakhomo?

Akatswiri amanena kuti agalu 70 mwa 100 alionse akalandira katemera chaka ndi chaka, chiwewe chimasowa podzera ndipo chimazilala m'deralo. Katemera ndiye amaletsa matendawa, ndipo kufula pakokha sikuwaletsa. Nanga kufula kumathandiza chiyani? Taganizani za mudzi umene lero wabayitsa agalu ake onse. Pakatha miyezi 6 ena afa, ndipo m'malo mwawo mwadzaza tiagalu tatsopano tosabayidwa. Mpanda umene unamangidwa uja wagumuka kale. Koma agalu akamaberekana pang'ono, akamakhala moyo wautali, akasiya kuyenda midzi itatu usiku umodzi ndi kumenyanirana wamkazi, obayidwa aja amakhalabe ambiri kufikira katemera atabweranso. Njira yakale yowombera agalu ndi mfuti sinathetse chiwewe, chifukwa obayidwa amafera limodzi ndi osabayidwa, ndipo eni ake amangokatenga tiagalu tina kwa anansi.

Mafunso a akhristu

Pa maphunziro a makatekisti ndi pa misonkhano ya Miphakati pamabuka mafunso awiri pa nkhaniyi, ndipo onse ndi oyenera kuyankhidwa.

Loyamba ndi lakuti, popeza Eklezia saloleza kutseka munthu kuti asabereke, kodi kutseka galu si tchimo? Chiphunzitso cha Eklezia pa za kubereka chimakhudza munthu, wolengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, amene amadzipereka mwaufulu kwa mnzake mu sakramenti la ukwati. Nyama ilibe ukwati, ndipo inaikidwa m'manja mwa munthu kuti aisamale ndi kuigwiritsa ntchito mwanzeru. Makolo athu akhala akufula ng'ombe zokoka ngolo ndi pulawo kuyambira kale, ndipo palibe amene anapita nazo ku kulapa. Katekisimu wa Eklezia Katolika, amene anatuluka m'chaka cha 1992, pa ndime 2415 mpaka 2418 amaphunzitsa kuti nyama ndi zolengedwa za Mulungu zoyenera kuchitiridwa chifundo, ndi kuti kuzizunza kapena kuzipha popanda chifukwa kumatsitsa ulemu wa munthu mwini wake. Tikaika pa sikelo imeneyi opaleshoni ya galu wogonetsedwa ndi thumba la tiagalu loponyedwa mumtsinje, sitivutika kuona cholemera pa chikumbumtima.

Lachiwiri ndi lakuti, kodi nkoyenera kutayira ndalama pa agalu pamene ana akugona ndi njala? Katekisimu yemweyo amachenjezadi kuti ndalama zoyenera kuthandiza anthu ovutika zisathere pa nyama. Koma tiyeni tiwerenge bwino. Mwana wolumidwa ndi galu wokayikitsa amafunika majekeseni angapo pa masiku osiyanasiyana, ndipo ulendo uliwonse wa kuchipatala umadya ndalama ya galimoto ndi tsiku la kumunda. Mtengo wa zonsezi umaposa kutali mtengo wa katemera wa galu mmodzi. Wobaya galu ndiye kuti wapulumutsa mbuzi ya banja losauka imene ikanagulitsidwa, ndipo mwina wapulumutsa mwana. Malemu Papa Francis, m'kalata yawo ya Laudato Si' ya m'chaka cha 2015, anatikumbutsa kuti kusamala zolengedwa ndi kusamala amphawi ndi ntchito imodzi. Ndipo amene amawerenga buku la Tobiti akukumbukira kuti pa ulendo wautali wa Tobiyasi ndi mngelo Rafaele, galu wa pakhomo anapita nawo nabwera nawo. Wolemba woyerayo sanaone kuti nchamanyazi kumutchula.

Tsidya la malire

Akum'mawa kwathu nawonso ali ndi phunziro lotipatsa. Tikadutsa pa chipata cha Mwami, nkupitirira Mchinji, timafika ku Lilongwe kumene kuli bungwe la Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals, limene linayamba m'chaka cha 2008. Bungweli lili ndi chipatala cha ziweto, ndipo lakhala likutuluka kukafula, kutseka ndi kubaya agalu m'makomboni, komanso kuphunzitsa ana a sukulu za kasamalidwe ka nyama. Ku Lusaka ntchito yofanana nayo yakhala ikugwiridwa ndi a Lusaka Animal Welfare Society.

Ku Blantyre kunachitika chinthu chosonyeza mphamvu ya manja ambiri. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies, limene anayambitsa dokotala wa ku Britain Luke Gamble m'chaka cha 2013, pamodzi ndi boma la Malawi ndi anthu a mumzindamo, linabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 a ntchito. Magulu ena ankaima pa masukulu kudikira eni agalu, ena ankayenda khomo ndi khomo, ndipo galu aliyense wobayidwa ankapakidwa utoto pamphumi kuti owerenga adziwe otsala. Madokotala anali ochepa. Ochuluka anali achinyamata onyamula mabokosi, olemba, olengeza ndi ana okoka zingwe. Maiko a pa dziko lonse anapangana kuti pofika chaka cha 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe cha galu, ndipo pangano limeneli lidzakwaniritsidwa kapena kulephereka m'midzi yonga yathu.

Zimene tingachite kwathu

Abale ndi alongo, pobwerera kumtunda tinazindikira kuti zambiri zimene zimayendetsa chipatala chotere tili nazo kale. Dokotala ndi mankhwala tingazipemphe, koma mlembi, wolengeza, wogwira agalu ndi wotunga madzi ali m'Mphakati uliwonse. Mlangizi wa ziweto wa boma ali ndi dera lalikulu, ng'ombe, nkhumba ndi nkhuku zikumudikira, ndipo sangathe kusakasaka galu aliyense. Mphakati utawerenga agalu a m'midzi yake, nupita pamodzi ndi amfumu ku ofesi ya ziweto ya boma kukapempha tsiku la katemera ndi kufunsa za kufula, ntchito yake ingapepuke. Tsikulo lilengezedwe pambuyo pa Misa ndi pa mapemphero a m'nthambi, monga tilengezera sikelo ya ana. Lamulo la dziko lathu la Control of Dogs Act limaika udindo wa galu pa mwini wake, koma mkhristu sadikira lamulo kuti achite chabwino.

Kalendala nayo ikutithandiza. Pa 28 Sepitembala ndi tsiku lokumbukira chiwewe pa dziko lonse, tsiku limene anamwalira Louis Pasteur m'chaka cha 1895, munthu amene m'chaka cha 1885 anapulumutsa mnyamata wa zaka 9 ndi katemera woyamba wa matendawa. Pa 4 Okutobala timakumbukira Francis Woyera wa ku Assisi, bwenzi la zolengedwa zonse. Sabata ya pakati pa masiku awiriwa ingakhale sabata ya ziweto m'parishi iliyonse.

Makolo, uzani ana kuti galu akawaluma, akawakanda, kapena akanyambita pa bala, anene msanga ndipo sadzamenyedwa. Bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo mwana apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale balalo likhale laling'ono. Zitsamba ndi ubweya wootcha sizipha kachirombo ka chiwewe. Banja lililonse lisunge agalu amene lingathe kuwadyetsa, ndipo ntchito yotaya tiagalu isaperekedwenso kwa mwana. Inu achinyamata amene mumakhoza bwino sayansi ndipo mumakonda ziweto, musachite manyazi ndi maphunziro amenewa, pakuti chigawo chathu cha Kum'mawa chikufuna madokotala ndi alangizi a ziweto obadwira momwemo.

Akuluakulu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Tikambirane nkhaniyi pa msonkhano wa Mphakati wa mwezi uno, ndipo m'mapemphero athu tiziwatchula anthu aja oima pa dzuwa la m'chigwa ndi ukonde, sikelo ndi bokosi lozizira. Mulungu Mlengi wa zonse adalitse mabanja anu ndi ziweto zanu.